Oyendetsa ndege: yunifolomu yoyera, m'thumba muli ngongole

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene ambiri akaimva amayamba ndi kuseka. Ndine mphunzitsi wopuma, ndimakhala ku Chirimba kuno ku Blantyre, ndipo mwana wanga wachiwiri ndi woyendetsa ndege. Ndikangonena zimenezi pagulu, anthu amandiyang'ana ngati ndaulula kuti kuseri kwa nyumba yanga kuli mgodi wa golide.

Mwezi watha tinaonekeredwa zovuta kwa abale a mayi a kunyumba ku Chilomoni. Usiku pasiwa, akuluakulu a banja tinapatukira pambali kuti tigawane za bokosi, ufa, ndiwo ndi galimoto yonyamula thupi. Tisanakhale n'komwe bwinobwino, mlamu wanga wamkulu anandiloza ndi tochi ya foni n'kunena kuti, “Alamu, bokosi ndi lanu. Mwana wanu uja si akudya ndalama za m'mwamba?” Onse anaseka, inenso ndinaseka nawo, pakuti pamaliro sakanganirana ndalama. Bokosi ndinagula. Koma ndalama yake anakatenga ndi mayi a kunyumba ku banki mkhonde yawo, chifukwa nthawi imeneyo mwana wodya ndalama za m'mwambayo anali atatha miyezi iwiri osalandira malipiro. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, n'chifukwa chake ndatenga cholembera.

Mlamu wangayo sindikumuimba mlandu. Chithunzi chimene ali nacho m'mutu ndi chomwe ndinali nacho ine. Ndili ku sekondale m'zaka za m'ma 1970, aphunzitsi athu anatitenga pa lole kupita ku Chileka kukaona ndege. Tinaima pakhonde lam'mwamba paja pamene anthu ankatsazikirana ndi abale awo, maso ali pa VC10 ya Air Malawi, chimphona cha mainjini anayi kumchira chimene chinkauluka mpaka ku London. Itabangula, makutu anachita kuti gwa, ndipo konkire imene tinapondapo inanjenjemera. Kenako kunadutsa amuna a zisoti ndi mizere yagolide pamapewa, akuyenda mosapupuluma, wina atawanyamulira zikwama. Tonse tinabwerera kusukulu tili oyendetsa ndege m'mitima. Ine choko chinandigwira, koma maloto aja ndinapatsira mwana.

Air Malawi ija, imene inayamba mu 1964, inaleka kuuluka mu 2013. M'malo mwake munabwera kampani imene lero timaitcha Malawi Airlines, yomwe boma lili ndi magawo 51 pa 100 alionse ndipo otsalawo ndi a Ethiopian Airlines, ndipo inayamba kuuluka mu January 2014. Ndege zake mukhoza kuziwerenga ndi zala za dzanja limodzi. Mipando ya oyendetsa ndege m'dziko muno ndi yochepa chomwecho, ndiye mwana wa Mmalawi akamaliza maphunziro amenewa, nthawi zambiri njira yake ndi ya kunja.

Tsono tamvani mtengo wake. Mwana wanga anakaphunzira ku South Africa, ndipo fizi inali ya marandi. Ndalama yonse imene ndinalandira popuma ntchito inapita kumeneko. Itatha, tinagulitsa puloti yathu ya ku Machinjiri imene tinkati tidzamangepo nyumba za lendi. Sukulu ya ndege si ngati koleji imene umalipira pa temu. Umalipira pa ola lililonse limene ndege ili m'mwamba, kuphatikizapo mafuta ndi mphunzitsi. Ukalephera mayeso amodzi, ubwerezanso ndi ndalama zako. Kuti munthu apeze laisensi yomulola kulembedwa ntchito amafunika maola pafupifupi 200. Ife tinkaganiza kuti akafika pamenepo ndiye kuti mvula yakata, tiyambe kukolola. Ayi ndithu. Makampani akuluakulu munthu wa maola 200 amamuona ngati mwana wa sitandade 1. Laisensi yapamwamba, imene munthu amayenera kukhala nayo kuti akhale kaputeni wa ndege yaikulu, imafuna maola 1,500. Nanga maolawo ukawapeza kuti popanda wokulemba ntchito? Ndiye ana amenewa amayamba ndi maganyu: kuphunzitsa anzawo, kunyamula alendo okaona nyama m'tindege tating'ono, kutera pa mabwalo a fumbi pamene uyenera kuyamba wazungulira kaye kuti mbuzi zichoke. Malipiro ake ndi oti ungodya n'kulipira chipinda. Wanga anachita zimenezo kwa kanthawi, kenako kunabwera Covid-19. Mu April 2020 ndege zinaleka kulowa ndi kutuluka m'dziko muno, kwina konse zinalinso chimodzimodzi, ndipo mnyamata anabwerera ku Chirimba ndi chikwama chimodzi. Anakhala chaka ndi miyezi akuthandiza amayi ake kugulitsa nkhuku. Anansi ankati wabwera ku holide.

Ndipo ntchito imeneyi ili ndi nkhanza ina imene ife a choko sitiidziwa. Satifiketi yanga ya uphunzitsi ndinaiika m'sutikesi zaka makumi anayi zapitazo, ikadali yamoyo. Ya woyendetsa ndege imafa ngati saidyetsa. Chaka chilichonse apimidwe ndi dokotala wovomerezeka: maso, makutu, mtima, shuga, kuthamanga kwa magazi. Nthawi ndi nthawi akayesedwe mu simulator, chimakina chija chimene chimayerekeza ndege ikuzima injini kapena ikuyaka moto. Munthu ali pantchito, kampani yabwino imalipira zonsezi. Ali pakhomo, alipira yekha, ndipo ndi madola.

Chimene chinatithyola msana ndi chimene eni ake amachitcha type rating. Laisensi ija imangoti ndiwe woyendetsa ndege, koma mtundu uliwonse wa ndege yaikulu uli ndi maphunziro akeake. Wodziwa Boeing 737 sangangokwera Airbus A320 n'kuliza. Kale kampani inkakulemba ntchito n'kukuphunzitsa yokha. Lero makampani ambiri amati bwera uli nayo kale, kapena amakuphunzitsa n'kukumanga ndi kontrakiti yoti ukachoka zaka zakutizakuti zisanathe ubweza ndalama yonse. Kampani imene inalonjeza kumulemba mwana wanga inati abwere nayo. Mu 2023 banja lonse linasonkha: alongo ake, amalume ake a ku Zomba, ngongole pang'ono. Tinatenga invoisi n'kupita nayo ku banki ina ku Victoria Avenue kukapempha madola. Anati tidikire, ndalama zakunja zikusowa. Ndinapitako kanayi, n'kumakhala pampando womwewo pafupi ndi chitseko, envelopu ili pamiyendo, mpaka mlonda anayamba kundipatsa moni wa “Mwabweranso, bambo?” Tikudikira choncho, mu November chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Dola imene inali pa K1,180 inadzuka ili pa K1,700. Ndalama imene madzulo inali yokwana, m'mawa inaperewera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Zotsalazo tinakatenga kwa munthu wa katapila, ndipo sindikuchita manyazi kunena. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu.

Pano akuuluka, ndi wachiwiri kwa kaputeni pa kampani ina m'dziko lina la mu Africa muno. Dzina la kampaniyo sinditchula. Sanalembedwe ndi kampaniyo mwachindunji, anadzera kwa ejenti, ndipo kontrakiti yake ndi ya chaka chimodzi chimodzi. Penshoni palibe. Gawo lalikulu la malipiro ake limawerengedwa pa maola amene wauluka.

Apa ndi pamene ndikufuna owerenga amvetse, chifukwa ine zinanditengera nthawi. Mayiko ambiri salola woyendetsa ndege kupyola maola 100 pa masiku 28, kapena 900 mpaka 1,000 pa chaka. Munthu wogwira ntchito mu ofesi akamva zimenezi amati, ha, ntchito yake ndi imeneyi? Koma maola amenewa amayamba kuwerengedwa ndege ikasuntha pamalo ake, n'kutha ikaima ku bwalo lina. Kudzuka 3 koloko m'bandakucha sikuwerengedwa. Kuwerenga za nyengo, kuwerengetsa mafuta ndi kulemera kwa katundu, kuzungulira ndege ndi tochi kuyang'ana matayala ndi mapiko, kudikira maola atatu chifukwa kwagwa chimvula, kukhala pafoni tsiku lonse podikira ngati angakuitane, zonsezi sizili m'maola amenewo. Ndege ikawonongeka n'kukhala pansi sabata ziwiri, m'thumba mwakenso mumakhala pansi.

Ife a ku Blantyre dongosolo limeneli timalidziwa bwino, kungoti timalidziwira pa minibasi. Mwini minibasi amati madzulo undipatse tageti yanga, zotsala ndi zako. Zotsatira zake timaziona tsiku ndi tsiku pa msewu wa Chileka ndi wa Limbe: kuthamanga, kupakira anayianayi, dalaivala wa maso ofiira amene wagona maola atatu. Palibe dalaivala amene amadzuka n'cholinga chopha anthu. Ndi tageti imene imayendetsa galimoto. Tsono tengani nzeru yomweyo muiike m'chipinda cha kutsogolo kwa ndege.

Tsiku lina mwana wanga anandiimbira pa WhatsApp ali m'chipinda chimene amagona anthu anayi, onse oyendetsa ndege, mashati oyera atapachikidwa pa chingwe kumbuyo kwake. Mawu ake anali a m'mphuno, chimfine chitamugwira. Ndinati, “Mwanawe, mawa usapite.” Iye anati, “Adadi, ndikapanda kupita maola anga mwezi uno sakwana, ndipo akandilemba kuti ndimadwaladwala, kontrakiti sadzaionjezera.” Chimfine kwa inu ndi ine ndi nkhani ya mandimu ndi uchi. Kwa iye, makutu akatsekeka, ndege ikamatsika mpweya umakanikiza nembanemba ya m'khutu mpaka ikhoza kung'ambika. Anapita. Ulendo wina atabwera kudzationa, amayi ake anamuphikira nsima ya chambo. Anasamba m'manja, anatema mbamu imodzi, ine ndinatembenuka kukatsitsa wailesi, pobwerera ndinapeza wagona tsonga, nsima ili m'manja. Amayi ake anamuchotsa mbamuyo pang'onopang'ono ngati khanda.

Wina anganene kuti amenewa ndi mavuto a Africa, kapena a mwana mmodzi wa tsoka. Ayi. Pa 15 January 2009, Kaputeni Chesley Sullenberger anatsitsira ndege pa mtsinje wa Hudson ku New York mainjini onse awiri atazima chifukwa chowombana ndi atsekwe, ndipo anthu onse 155 anapulumuka. Mwezi wotsatira anaitanidwa ku nyumba ya malamulo ya dziko la America. Aphungu ankayembekezera nkhani ya ungwazi, koma iye anawauzanso kuti malipiro ake anali atadulidwa ndi 40 peresenti ndipo penshoni yake inathetsedwa. Kumeneko zinthu zinayamba kusintha boma litamasula malonda a ndege mu 1978, makampani n'kuyamba kupikisana pa kutchipitsa matikiti, ndipo zinafika poipa pambuyo pa chiwembu cha zigawenga cha pa 11 September 2001, pamene makampani akuluakulu angapo anamira m'ngongole n'kuyamba kudula malipiro.

Mwezi womwewo wa February 2009, pa 12, ndege ya Colgan Air inagwera pa nyumba pafupi ndi mzinda wa Buffalo, n'kupha anthu 50. Inali Dash 8 Q400, mtundu womwewu timauona ukutera pa Chileka, ndipo ndegeyo payokha inalibe vuto. Ofufuza anapeza kuti kaputeni analakwitsa pamene ndege inachenjeza kuti liwiro lachepa. Koma kafukufukuyo anaululanso moyo wa anthu awiri anali kutsogolowo. Wachiwiri kwa kaputeni, mtsikana wa zaka 24, ankalandira pafupifupi madola 16,000 pa chaka, ndalama yosakwanira kukhala pafupi ndi ntchito yake, moti ankakhala kwa makolo ake kufupi ndi Seattle, mbali ina ya dzikolo, ndipo anachezera usiku m'ndege zonyamula katundu kuti afike pantchito. Ngoziyo inachititsa kuti America isinthe malamulo a maola ophunzira komanso a nthawi yopuma. Anasintha anthu 50 ataikidwa kale m'manda.

Ku Ulaya nako, makampani a matikiti otchipa ndi amene anafalitsa mchitidwe wolemba oyendetsa ndege kudzera kwa maejenti, ndipo kuli ngakhale makampani amene mwana wongomaliza sukulu amachita kuwalipira kuti amulole kuuluka apeze maola. Tamvani bwino: wantchito kulipira bwana. Ryanair, kampani ya matikiti otchipa ya ku Ireland imene inakana mabungwe a ogwira ntchito kwa zaka zoposa makumi atatu, inawavomera mu December 2017 itaona kuti sitiraka yayandikira. Kwa anansi athu, Air Namibia inatsekedwa mu 2021, Comair ya ku South Africa mu 2022, ndipo South African Airways inatsekera kunja oyendetsa ndege ake mu December 2020 pa mkangano wa mgwirizano wa ntchito. Mu November 2022 oyendetsa ndege a Kenya Airways ananyanyala ntchito masiku anayi, nkhani ina yaikulu ili ya thumba la penshoni, mpaka khoti linawalamula kubwerera. Kampani iliyonse ikagwa, akatswiri a maola zikwizikwi amathiridwa pamsika, ndipo wolemba ntchito amadziwa kuti ukakana malipiro ake pali anthu khumi pakhomo.

Nkhani ya ku Indonesia ndiyo imandikhudza kwambiri, mwina chifukwa inenso ndinalerapo. Mu January 2024, oyendetsa ndege onse awiri a Batik Air anagona tulo kwa mphindi 28 ndege ili m'mwamba pa ulendo wopita ku Jakarta, mpaka inasochera njira. Mwamwayi anatera bwino. Wachiwiri kwa kaputeniyo anali ndi mapasa a mwezi umodzi kunyumba. Aliyense amene anachezerapo ndi khanda akudziwa kuti tulo totero sitipempha chilolezo. Funso langa n'lakuti, n'chifukwa chiyani munthu wotero amaona kuti n'kwabwino kupita kuntchito kusiyana ndi kunena kuti ndatopa?

Ndinene chilungamo, pakuti ndinaphunzitsa ana kuti bodza n'loipa. Mwezi umene mwana wanga walandira, amalandira ndalama imene ine sindinaigwirepo pa uphunzitsi wanga wonse, ndipo namwino wa ku Queens amene wachezera usiku wonse mu wodi ali ndi chifukwa chomveka chondiuza kuti ndikhale chete. Kaputeni wa zaka makumi awiri pa kampani yaikulu si munthu wosauka. Ku America, kuchokera mu 2023 malipiro anakweranso kwambiri chifukwa oyendetsa ndege anachepa, moti a Delta anagwirizana zokweza ndi 34 peresenti pa zaka zinayi. Ndikudziwanso kuti kampani ya ndege imagula mafuta, zipangizo ndi inshuwalansi ndi madola, phindu lake n'lochepa. Zonsezi ndikuvomera. Koma namwino sanagulitse puloti ya makolo ake kuti apeze satifiketi, ndipo satifiketi yake siifa chifukwa dokotala wapeza shuga. Woyendetsa ndege akalephera kupimidwa kamodzi kokha ali ndi zaka 40, ntchito ikhoza kuthera pomwepo, ngongole n'kutsala. Ngakhale thupi litamukomera mtima, pa maulendo a pakati pa mayiko malire ndi zaka 65. Ndipo kukwera kwa malipiro ku America kwa ife ndi mpeni: ndi kumene kumakoka akaputeni odziwa ntchito kuchoka m'makampani ang'onoang'ono kupita ku akuluakulu, ena ku Dubai ndi ku Doha, kuno n'kutsala mipando yoti tidzaze ndi anthu obwereka pa mtengo wa madola.

Amene amauluka kuno kwathu amadziwa kuti thambo la Blantyre si lamasewera. Chiperoni chikatsika mu June, phiri la Michiru limabisala lonse, Ndirande osaoneka. Nthawi ya dzinja mitambo ya mabingu imaunjikana masana ngati milu ya thonje lakuda. Tsiku lotero ndi pamene munthu wa kutsogolo ayenera kusankha: nditere, ndizungulire kaye, kapena ndibwerere ku Lilongwe? Kubwerera kumadya mafuta, mabwana amafunsa mafunso, okwera amatukwana. Ine ndikufuna wosankhayo akhale woti wagona mokwanira, ndipo sakuopa kuti akabwerera kontrakiti yake ithera pomwepo.

Kwa aphungu athu a komiti yoona za mtengatenga, pempho langa si loti muike malipiro a oyendetsa ndege, ayi. Itanani akuluakulu oyang'anira za ndege m'dziko muno muwafunse poyera kuti malamulo a nthawi yopuma amawalondola bwanji pa kampani iliyonse imene imanyamula Amalawi, yathu ndi yakunja yomwe, ndipo woyendetsa ndege amene wanena kuti watopa kapena wadwala amatetezedwa ndi chiyani kuti asalangidwe mwakachetechete. Funsaninso za ana athu. Ngati boma limabwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite, lingalephere bwanji kuganizira ana ochepa chabe pa chaka amene akhoza masamu ndi sayansi koma makolo awo alibe puloti yogulitsa? Pakali pano ntchito imeneyi yatsala ya ana a anthu olemera ndi ana a anthu ouma mutu ngati ine. Inunso atolankhani, ndege yatsopano ikabwera mumatijambulira nduna ikudula riboni ndi magalimoto ozimitsa moto akuithira madzi. Tsiku lina mudzafunseko kuti oiyendetsawo ndi angati, Amalawi ndi angati, ndipo analembedwa pa mgwirizano wotani.

Ndipo inu okwera ndege, mukadzamva chilengezo choti ulendo wachedwa chifukwa oyendetsa akwanitsa maola awo ndipo ayenera kupuma, musamukalipire mtsikana wa pakauntala. Ndinaonapo bambo wina wa suti pa Chileka akumenya tebulo chifukwa cha zimenezi, akuti anthu aulesi. Ndinafuna kumuuza za mbamu ya nsima ija, koma ndinangomuyang'ana.

Makolo anzanga amabwera kudzandifunsa njira, poti mwana wawo akufunanso za ndege. Sindiwaletsa. Mwana wanga ntchito yake amaikonda, akamafotokoza m'mene nyanja ya Malawi imaonekera dzuwa likamatuluka nkhope yake imawala ngati ya kamnyamata ka pa lole kaja. Ndimangowatulutsira faelo ya malisiti, n'kuwauza kuti awerenge okha mpaka tsamba lomaliza, limene ndi la munthu wa katapila. Kwa iyeyo kwatsala miyezi isanu, ku banki mkhonde ya mayi a kunyumba itatu. Pa puloti ya ku Machinjiri ija eni ake atsopano anamangapo nyumba zinayi za lendi, zonse muli anthu. Ndinadutsako Loweruka lapitali popita ku chinkhoswe.

Mphunzitsi wopuma,
Chirimba, Blantyre